Nsalu yolumikizira fani ndi paipi ya mpweya ikung'ambika: ndigule yokhuthala kapena ndimange ndi mabawuti?

Funso: Ndine mmisiri wa malata ndi zowotcherera ku Lilongwe. Pa bekale ina ndinaika fani yaikulu yotulutsa kutentha ndi nthunzi. Fani ili pa silabu ya pamwamba pa stolo, ndipo ndinaikhazika pa zidutswa za tayala. Paipi ya malata ya 600 mm ndi 400 mm ikutuluka pakhoma, kuyenda mamita 3 pamwamba pa silabu, kukhota n'kulowa m'fani kudzera pa nsalu yolumikizira. Potulukira mpweya ndinamangirirapo chumuni cha mamita 3 ndi mabawuti. Nsalu yang'ambika kawiri m'miyezi 4, ndipo mabering'i ayamba kulira. Kodi ndigule nsalu yokhuthala, kapena ndiichotse n'kumanga paipi ku fani ndi mabawuti basi?

Yankho: Achimwene, zonse ziwiri musachite. Nsalu yokhuthala idzang'ambikanso, kungoti idzachedwerapo, ndipo nthawi yonse imene ikupirirayo fani yanu ndi imene idzakhale ikuzunzika. Kumanga ndi mabawuti kudzathetsa kung'ambika kokha, vuto n'kusamukira m'malata, m'khoma ndi m'makutu mwa anthu ophika buledi. M'funso lanu mwatchula khoma, silabu, fani ndi chumuni, koma simunatchule chitsulo ngakhale chimodzi chimene chanyamula paipiyo pakati pa khoma ndi fani. Ndikuona kuti palibe. Ngati ndi choncho, nsalu yanu ikugwira ntchito ya mzati, pamene inapangidwira kutseka mpweya ndi kuletsa kunjenjemera kwa fani kuti kusalowe m'paipi. Ntchito yake ndi imeneyo basi. Fani iyenera kudzinyamula yokha, paipi idzinyamule yokha, chumuni nacho chimodzimodzi, nsalu ingokhala pakati yopanda katundu.

Tiyeni tiwerengere limodzi kulemera kumene mwaisenzetsa. Lata la 0.8 mm limalemera pafupifupi makilogalamu 6.3 pa sikweya mita. Paipi ya 600 ndi 400 ukaizungulira ndi tepi umapeza mamita 2, ndiye kuti mita iliyonse ya paipi ili ndi lata la makilogalamu 12.6. Tikaphatikiza ma flange (mphepete zachitsulo za kumapeto kwa paipi zomangirapo polumikiza), mabawuti ndi mopindamo, tinene makilogalamu 15. Mamita 3 ndi makilogalamu 45. Khoma lanyamula theka, theka linalo lagwera ku fani, n'kuwonjezera bendi, pokhotera paipi paja, ndi chidutswa chosinthira paipi kuchoka pa makona anayi kupita pa yozungulira, zimene zili kufupi ndi fani komweko. Nsalu yanu ikukoka makilogalamu oposa 30 usana ndi usiku, fani ikuyenda kapena itazima. Ikayang'anitsitseni yong'ambikayo. Ngati inayambira kung'ambika pamwamba, m'mphepete momwe nsalu imalowa m'lata, pamene pansi pake pali makwinya, umboni ndi womwewo: kumwamba inali yokokeka ngati chikopa cha ng'oma, kunsi itafinyika.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi chumuni. Chimenecho kulemera kwake konse, makilogalamu 45 kapena kuposa, kwakhala pa chigoba cha fani, ndipo kwakhala mbali imodzi. Komanso chaimirira pamtetete. Mphepo ya makilomita 70 pa ola, imene si yachilendo mvula yoyamba ikamabwera, imakankha mbali ya chumuni choterocho ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 45 enanso, ndipo imakankhira m'mwamba, kutali ndi pamene chamangidwa. Zili ngati munthu wagwira chitsulo chachitali akupotokola flange ya fani. Mwera ukamaomba m'miyezi yozizira, kupotokolako kumachitika tsiku lonse, uku ndi uku.

Chigoba cha fani, chija chooneka ngati cha nkhono, ndi lata lopyapyala. Opanga anachipanga kuti chisunge mpweya, osati kunyamula nyumba. Mkati mwake gudumu lopalasa mpweya, limene timati impeller, limazungulira moyandikana kwambiri ndi mlomo wolowera mpweya, mpata wake ndi mamilimita ochepa chabe, ndipo mpata wochepawo ndi umene umapangitsa fani kukoka bwino. Chigoba chikapindika pang'ono, mpatawo umatsekeka mbali ina n'kutseguka mbali ina. Felemu ikapotoka, mabering'i awiri a shafuti sakhalanso pa mzere umodzi, amatentha, girisi amauma, kulira n'kuyamba. Ngati fani ndi ya lamba, mapule nawo amasemphana, lamba n'kumadyeka mbali imodzi.

Zaka zingapo zapitazo ndinaitanidwa kumalo ena ochapira zovala kumene anali atasintha mabering'i katatu m'chaka chimodzi, akumati ogulitsa akuwapatsa zabodza. Ndinapempha mnyamata wina kuti achirikize paipi ndi thabwa, ine n'kumasula nsalu. Titatsitsa thabwalo pang'onopang'ono, paipi inatsika masentimita 4, ndipo fani inadzuka mbali yomweyo pafupifupi sentimita yathunthu, ngati munthu amene wamutula mtolo wa nkhuni. Nditaunika ndi tochi m'mlomo mwa fani ndinapeza malo onyezimira ooneka ngati mwezi wongokhala kumene, pamene gudumu linkakhula, ndipo pansi pake panali fumbi lachitsulo lomata ku chala. Mabering'i onse aja analibe mlandu. Kuyambira tsiku limenelo, ndikafika pa ntchito yotere sindiyamba ndi mota kapena mabering'i. Ndimayamba ndi kumasula nsalu n'kuona ngati china chisunthe. Inunso mukayambe pomwepo, chifukwa mayeso amenewa salira chipangizo chodula: nsalu ikachoka, paipi isasunthe, fani isasunthe. Chikasuntha chimodzi, ntchito sinathe.

Musanagwire sipanala, zimitsani magetsi pa isolator, switchi yodulira magetsi a fani, muikepo loko, kiyi m'thumba mwanu. Ngati fani ilibe isolator pafupi, iikeni pa ntchito yomweyi. Magetsi athu amapita ndi kubwera osaodira, choncho kuzima kwa magetsi m'dera lonse si chilolezo cholowetsa dzanja m'fani. Chumuni muchimange ndi zingwe mbali zitatu ndipo mukhale anthu okwanira musanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Fani ikatsala yokha, izungulitseni ndi dzanja mukumvetsera. Yezani mpata wa pakati pa gudumu ndi mlomo kumwamba, kunsi, kumanja ndi kumanzere. Kawirikawiri katundu akachoka chigoba chimabwerera m'malo mwake. Ngati sichinabwerere, masulani mabawuti a mlomo, muukhazike pakati, mumangenso. Mabering'i amene ayamba kale kulira muwasinthe, koma muwasinthe pomaliza, zonse zitakhala m'malo.

Zidutswa za tayala zichoke. Tayala ndi lolimba kwambiri, fani ikakhalapo silitsika ngakhale milimita imodzi yooneka, ndipo chinthu chimene sichitsika sichiletsa kunjenjemera. Mota ya mapolo 4 pa magetsi athu a 50 Hz imazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi, kumene ndi ka 24 pa sekondi. Sipuling'i imene yatsika 25 mm ndi kulemera kwa fani imadzigwedeza yokha pafupifupi katatu pa sekondi, kutali kwambiri ndi ka 24, ndiye kunjenjemera kochepa kwambiri ndi kumene kumadutsa. Labala wopangidwira ntchitoyi amene watsika 3 mm amagwedezeka ka 9 pa sekondi. Pa fani yothamanga yokhala pa konkire ya pansi, labalayo amathandiza ndithu. Koma yanu ili pa silabu ya m'mwamba, ndipo ngati ndi ya lamba, gudumu likhoza kumazungulira pang'onopang'ono kuposa mota, mwina ka 800 pa mphindi, kumene ndi ka 13 pa sekondi, pafupi kwambiri ndi ka 9 kaja. Pamenepo labala sakwanira, pakufunika masipuling'i. Popeza ili panja, gulani aja okhala m'kabokosi kachitsulo kokhala ndi bawuti yoletsa fani kudumpha kapena kupendekeka. Amateteza ku mphepo, komanso tisaiwale kuti dziko lathu lili mu Rift Valley. Amene anaona zivomezi za ku Karonga mu December 2009 akudziwa kuti chinthu cholemera chongokhazikidwa pamwamba chimayenda. Pogula, wogulitsa muuzeni kulemera kwa fani pamodzi ndi mota, komanso mbali imene mota ili, chifukwa ngodya ya mota imalemera kuposa zinzake.

Dongosolo la ntchito lili ndi kanthu. Fani ikhale pa masipuling'i ake ndi zonse zake, mota, lamba ndi chotchingira lamba, muiike pa levulo, itsike mpaka pamene ikufuna kutsika. Pokhapokha ikakhazikika m'pamene mubweretse paipi kuti ikumane nayo. Amisiri ambiri amachita mosemphanitsa. Amayamba alumikiza nsalu fani ili pa timatabwa, kenako n'kuchotsa timatabwato, fani n'kutsika 25 mm, nsalu n'kukokeka kuyambira tsiku loyamba.

Tsopano pamtima pa nkhani: chonyamulira choyamba cha paipi, chija choyandikana ndi fani. Chimenechi ndimachiona chofunika kuposa zina zonse zitaphatikizidwa. Pa silabu ngati yanu, wotcherani felemu yonga golo ya mpira, ya angle iron ya 40 ndi 40 ndi 4 mm kapena 50 ndi 50 ndi 5 mm, miyendo iwiri yokhala ndi timbale tachitsulo pansi, tomangidwa ku konkire ndi ma anchor bolt. Ine ndimaiimika osapitirira 300 mm kuchokera pa flange imene nsalu imangidwe. Ukaiika patali, kachidutswa kotsalako kamalendewera ndipo kamagwedera ngati mchira. Felemuyi isakhudze felemu ya fani paliponse. Ndanena izi chifukwa mmisiri wowotcherera akaona chitsulo cholimba pafupi, dzanja limamuyabwa kuti awotchererepo bulaketi. Mukatero mwamanga mlatho wodutsa pamwamba pa nsalu ndi masipuling'i, ndipo kunjenjemera kudzawoloka pa mlathowo ngati kuti simunagule chilichonse.

Mtanda umene paipi igonepo musauwotcherere ku miyendo. Upachikeni pa ndodo ziwiri za mazinga za M10, zokhuthala 10 mm, zochokera ku mtanda wapamwamba, kapena boolani mabowo aatali m'miyendo, kuti muzitha kukweza ndi kutsitsa ndi sipanala mpaka paipi ndi mlomo wa fani zitayang'anizana bwinobwino. Mukapeza malo ake, mangani mtandawo ku miyendo ndi mabawuti kuti usamayende cham'mbali, ndipo pamwamba pa paipi pakhale chitsulo china chopanira. Nati iliyonse ikhale ndi inzake yoitsekera, chifukwa nati imodzi pa chinthu chonjenjemera imamasuka yokha. Pakati pa lata ndi chitsulo ikani kalamba ka labala, kuti zinki wa lata asakhulike n'kuyamba dzimbiri. Ngati paipi ili yozungulira pamalopo, isagone pa chitsulo chowongoka, imaphwanyika kunsi. Ipangireni chibelekero cha flat bar chozungulira theka lake la pansi.

Chifukwa chake ndikuti paipi ipanidwe, osati kungogonekedwa, n'chakuti fani ikayamba kukoka, mpweya umafuna kukokera paipi ndi fani pamodzi. Pa mlomo wa 450 mm, fani yokoka ndi mphamvu ya 500 Pa (Pa ndi muyeso wa mphamvu yokankha kapena kukoka ya mpweya) imapanga chikoka cha pafupifupi makilogalamu 8. Si chachikulu, koma chimabwera mwadzidzidzi nthawi iliyonse imene mwayatsa, ndipo paipi yongolendewera imagwedera kutsogolo n'kubwerera. Kumbali ya fani, buku la bungwe la ASHRAE la ku America limalangiza kuti mafani okhala pa masipuling'i ogwira ntchito pa 500 Pa kapena kuposa aziikidwa timasipuling'i tina togona, toletsa fani kusendera ku paipi. Yang'anani pa kambale ka fani yanu kuti muone mphamvu yake. Pali chifukwa chinanso. Chitsulo chikatentha chimatalika 0.012 mm pa mita iliyonse pa digiri iliyonse. Mwachitsanzo, paipi ya mamita 6 ikatenthedwa ndi madigiri 60 imatalika kuposa 4 mm. Mukaipana pafupi ndi fani, kutalikako kumapita kwina, kumene zonyamulira zinazo zikuilola kutsetsereka, m'malo mofinya nsalu m'mawa uliwonse uvuni ukayaka.

Zonyamulira zinazo n'zosavuta. Buku la SMACNA, limene amisiri a malata a ku America amatsatira, limati paipi ya makona anayi isayende kuposa mamita 3 yopanda chonyamulira, ndipo pakhale china mkati mwa 600 mm kuchokera pa bendi iliyonse. DW/144, limene amatsatira ku Britain, nalo limaika malire pa mamita 3 kwa mapaipi a msinkhu ngati wanu. Pa mamita anu atatuwo, golo imodzi pafupi ndi fani, ina pa bendi, ina pafupi ndi khoma, mwatha. Khomalo lisakhale chonyamulira. Bowo likhale lotakasukirapo, paipi idutse osakhudza njerwa, mpata muutseke ndi zinthu zofewa zosayaka moto ndi lata lotchingira mvula.

Popeza mukumasula kale, konzaninso bendi ija. Mwati paipi ikukhota n'kulowa m'fani. Mpweya ukangotuluka pa bendi umaunjikana mbali yakunja, ndiye gudumu limalandira mpweya wambiri mbali imodzi, wochepa mbali ina. Zotsatira zake fani imakoka mochepera pa zimene zinalembedwa, imachita phokoso ndipo imanjenjemera ngakhale ili yatsopano. Bungwe la opanga mafani la AMCA linafotokoza zimenezi mwatsatanetsatane m'buku lake la nambala 201. Ine ndimafuna kuti pakati pa bendi ndi mlomo pakhale paipi yowongoka yotalika katatu kukula kwa mlomo kapena kuposa, kumene pa mlomo wa 450 mm ndi mamita 1.35. Kawirikawiri n'kosavuta kusendeza fani kapena kuitembenuza kuti iyang'ane kumene paipi ikuchokera, kusiyana n'kupanga mapaipi atsopano. Malo akakanika, ikani timalata tokhota totsogolera mpweya mkati mwa bendi. Kotulukira, AMCA imati paipi iyende yowongoka kawiri ndi theka kukula kwake ngati mpweya sukupitirira mamita 12.7 pa sekondi. Pa 600 ndi 400 ndi pafupifupi mamita 1.4, ndiye chumuni chanu chowongokacho pamenepo chili bwino.

Chumunicho chikufunika nsanja yakeyake. Ngati pali khoma lalitali pafupi, mangani mabulaketi awiri kapena atatu, lapansi likhale lonyamula kulemera, apamwamba oletsa kugwedera. Kunyamula paipi yoimirira sikofanana ndi yogona: pangani kolala ya angle iron yozungulira chumuni, yomangidwa ku lata ndi mabawuti kapena maliveti achitsulo, makamaka pansi pa flange penipeni, kolalayo ikhale pa bulaketi. Chenjerani ndi makoma athu. Njerwa zootcha zambiri n'zofewa, ndipo matope omangira nthawi zina simenti yake ndi yochepa. Anchor bolt yofufuma imaphwanya njerwa yotere mkati, n'kumaoneka yolimba lero, pakatha miyezi itatu ikutuluka ndi dzanja. Pa khoma lokayikitsa boolani mpaka kuseri, mudutsitse ndodo ya mazinga, kuseriko muike mbale yachitsulo yotakata. Mabuloko a simenti obowoka mkati nawonso amafuna njira yomweyo. Ngati palibe khoma, wotcherani nsanja ya miyendo inayi yotangadza fani osaikhudza, yokhala ndi zitsulo zopingasa kuti isapendeke, ndipo pamwamba pa chumuni mumange nthambo zitatu kapena zinayi zokhala ndi zokungira. Musiye mpata woti tsiku lina munthu adzatulutse mota kapena gudumu osagwetsa chumuni. Kenako pakati pa fani ndi chumuni pakhalenso nsalu, monga kolowera.

Mvula yolowa m'chumuni imatsikira m'chigoba cha fani. Onetsetsani kuti pansi pa chigoba pali kabowo kotulutsira madzi ndipo n'kosatsekeka, apo ayi gudumu lidzachita dzimbiri mbali imodzi, n'kuyamba kulemera mopendekera.

Tibwere ku nsalu yeniyeniyo. Kukhuthala si kumene muyang'ane, yang'anani kutentha kumene imapirira. Ya PVC imafika pafupifupi madigiri 70, ya ulusi wagalasi wokutidwa ndi neoprene pafupifupi 90, ya ulusi wagalasi wokutidwa ndi silikoni imapitirira 200. Pitani pa bekale nthawi imene mauvuni onse akuyaka, mulowetse choyezera kutentha m'paipi pafupi ndi fani, mugule mogwirizana ndi zimene mwapeza, ndipo mufunse ngati nsaluyo imapirira dzuwa. Lona wa galimoto, chubu cha tayala kapena nsalu ya tenti ayi. Zimauma, zimasweka, ndipo zimayaka moto. Kutalika kwake kusapitirire 250 mm. Malire amenewa mudzawapeza m'malamulo a zomangamanga a ku America. Nsalu yaitali anthu amaikonda chifukwa imabisa kusemphana kwa paipi ndi fani, koma kolowera mpweya imayamwidwira mkati n'kuchepetsa njira pakhomo penipeni pa gudumu.

Ine pa fani ya msinkhu wanu ndimagula ya 150 mm n'kusiya mpata wa 125 mm pakati pa zitsulo ziwirizo, kuti pakhale kulefuka kwa 25 mm. Ukaigwira ndi zala iyenera kufewa mofanana kuzungulira konse. Musanaimange, gonekani rula yachitsulo kuchokera pa flange ya paipi kufika pa ya fani, pamwamba, pansi ndi m'mbali zonse, muone ngati zili pa mzere umodzi. Yezani mpata pa malo anayi. Ine kusiyana kukapitirira 3 mm ndimabwerera ku manati a golo ija. Apa m'pofunika kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Theka la ola limene mutaye apa ndi limene likugulireni zaka. Msoko wa nsalu ukhale pamwamba kapena pambali, osati pansi pamene madzi a nthunzi amasonkhana, ndipo ukhale wopitirirana, womatidwa ndi guluu wake kapena wosokedwa. Musaipake penti, imauma n'kusweka. Pamwamba pake ikani kadenga kalata kotchinga dzuwa ndi mvula, komangidwa kumbali ya paipi yokha.

Pali tinthu tiwiri timene timaiwalika. Nsalu simadutsitsa magetsi, ndiye paipi ndi fani zasiyana. Lumikizani mbali ziwirizo ndi waya wa earth wofewa, wolefuka, wosakokeka. Izi n'zofunika kwambiri kumene mpweya uli ndi fumbi la ufa, monga m'bekale ndi m'zigayo, chifukwa fumbi louma loyenda m'paipi limapanga magetsi otha kuthetheka. Chachiwiri, waya wa mota asafike ku fani ali m'paipi yolimba yachitsulo. Mita yomaliza ikhale yofewa, yopindika ngati uta.

Mawu awiri kwa ena amene akuwerenga ali ndi ntchito zosiyanako. Ngati fani yanu ndi yopachika kudenga, lamulo ndi lomwelo: fani ikhale ndi ndodo zake zinayi zokhala ndi masipuling'i, paipi ikhale ndi zake mbali zonse ziwiri, ndipo zonse zichokere ku mitanda yeniyeni ya denga kapena ku konkire, osati ku timatabwa ta siling'i. Ngati mukutulutsa utsi wa mafuta, monga kokazingira tchipisi ndi nyama, nkhani ya nsalu ndi ina. Malamulo oteteza moto a NFPA 96 a ku America salola nsalu pa mafani a m'paipi zamafuta otere, amafuna ma flange omangidwa ndi mabawuti, chifukwa mafuta amalowerera nsalu ndipo moto ukabuka ndi imene imayamba kuboka. Kumeneko kuchirikiza paipi payokha kumakhala kofunika koposa, popeza palibe chofewa chobisa kulakwitsa. Ndipo mukapeza nsalu yoyera yolukana ngati chiguduli pa fani ya m'nyumba yakale kwambiri, musaing'ambe kapena kuipala, ikhoza kukhala ya asibesitosi, amene fumbi lake limawononga mapapo.

Zonse zikamangidwa, yatsani muli chiimire pafupi, maso pa nsalu. Poyamba fani idzagwedera pang'ono n'kukhazikika, nsalu yolowera idzaphwera mkati pang'ono, yotulukira idzafufuma. Zimenezo n'zabwino. Chosafunika ndi nsalu kukokeka mpaka kuuma kapena zitsulo kugundana. Onani muvi wa pa chigoba ngati gudumu likuzungulira kolondola, makamaka ngati munamasula mawaya a mota ya three phase, chifukwa fani ya mtundu uwu ikamazungulira chobwerera imatulutsabe mpweya, kungoti wochepa, ndipo anthu amanyengeka nazo. Ikani chikhatho pa chigoba cha fani, kenako pa paipi kuseri kwa nsalu. Kusiyana kuyenera kumveka msanga. Ine ndimakhazika kapu ya madzi pamwamba pa paipi: madzi akangochita timizere tochepa, zili bwino, akamavina, fufuzani pamene chitsulo chikukhudza chinzake, mwina bawuti ya sipuling'i yatsamira kabokosi kake, mwina mwala walowa pansi pa felemu. Yezani ma amp a mota muyerekeze ndi olembedwa pa kambale, chifukwa mukakonza bendi fani idzayamba kukoka mpweya wambiri, ndipo pa mafani ena mota imadya magetsi ochulukirapo.

Pomaliza tengani cholembera chosafufutika, mulembe pa lata pafupi ndi nsalu iliyonse mpata umene mwasiya pa malo anayi aja, pamodzi ndi tsiku. Pakatha milungu iwiri bwererani ndi tepi ndi sipanala, mauvuni akuyaka. Masipuling'i atsopano ndi labala zimatsikako pang'ono m'masiku oyamba, ndiye mudzapeza kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri. Mudzakweze fani pa mabawuti a masipuling'i mpaka manambala abwerere pa zimene munalemba, mukungenso manati onse a golo ndi nthambo za chumuni, ndipo mumuonetse mwini bekale manambalawo kuti aziyeza yekha mvula isanayambe chaka chilichonse.